Lalanje Ndilo Linayamba, Mtundu Unachita Kutsatira

Pali chiphunzitso chimene chazika mizu m'makalasi ndi m'mipikisano ya mafunso, chakuti Angerezi anatcha lalanje kuti orange poona mtundu wa khungu lake. Ine ndikukana. Nkhaniyi aitembenuza: chipatso ndicho chinapatsa mtunduwo dzina.

Tayambani mwaima pamsika wa pa Chintheche, m'mbali mwa msewu wa M5. Malalanje ambiri pamenepo ndi obiriwira, koma mukasenda mupeza akupsa, otsekemera. Khungu la lalanje limafuna usiku wozizira kuti lisinthe mtundu, ndipo kunyanja kuno kuzizira koteroko n'kosowa. Mayi wogulitsa akati "ndi akupsa awa, bambo," sakunama.

Liwu lakuti orange si la ku England n'komwe. Linachokera ku India, kumene m'chinenero chakale cha Sanskrit mtengowu unkatchedwa naranga. Aperezi anati narang, Aluya anati naranj, ndipo amalonda analifikitsa ku Ulaya. Likudutsa ku Italy ndi ku France, "n" wa kumayambiriro anagwera m'njira. Linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 ngati dzina la chipatso basi. Kuti liyambe kutchula mtundu panapita zaka pafupifupi 200, mpaka m'ma 1500. Nanga poyamba Angerezi ankati chiyani potchula mtunduwo? Ankangoti chofiira, kapena chofiira mwachikasu. N'chifukwa chake mpaka lero munthu wa tsitsi la mtundu wa lalanje amamunena kuti ndi wa tsitsi lofiira.

Tsono apa ndi pamene pandikomera ine. Apwitikizi analandira liwu lomwe lija la naranj n'kuti laranja, ndipo ndi kwa iwo, amene anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500, kumene ife tinatenga lalanje. Ndiye kuti lalanje ndi orange ndi ana a mimba imodzi. Wina sanabereke mnzake. Amishoni a ku Scotland atakhazikika pa Bandawe mu 1881 n'kuyamba kuphunzitsa Atonga Chingerezi, liwuli linali litakhala kale m'chigwa cha Zambezi.

Apwitikiziwo anafalitsa kwambiri lalanje lotsekemera moti Agiriki amalitcha portokali, Aluya burtuqal, potengera dzina la dziko la Portugal. Aluya omwe aja, amene anapereka naranj ku Ulaya, liwu lawolo analisiyira lalanje lowawasa.