Khanda silikula ndi phala lokha

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale, lero ndiyambana pang'ono ndi anthu amene akangomva za ana amasiye amathamangira kuumba njerwa. Amati timange nyumba yosungiramo ana, tiikemo mabedi, azidya katatu patsiku. Ine ndikukana.

Taonani zimene zinachitika ku Romania. Mu 1966 Nicolae Ceaușescu analetsa kuchotsa mimba pofuna kuti anthu achuluke. Makolo osauka anayamba kusiya ana m'nyumba za boma. Ulamuliro wake utagwa mu 1989, munapezeka ana oposa 100,000. Makanda ambiri ankangogona pabedi tsiku lonse akudzigwedeza okha, ena osalira n'komwe. Alirirenji pomwe palibe wobwera kudzawanyamula?

Mu 2000 akatswiri atatu, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, anayamba kafukufuku ku Bucharest pa ana 136 a m'nyumbazi. Theka anawapezera mabanja oti awalere. Anapeza kuti opita kumabanja, makamaka asanakwanitse zaka 2, anaposa anzawo otsala pa nzeru komanso pa kukhulupirira wowalera. Naye Michael Rutter ku Britain anatsata ana a ku Romania amene anatengedwa ndi mabanja a kumeneko. Amene anachoka asanathe miyezi 6 anakula ngati ana ena onse. Mwa amene anakhalitsa, ambiri anafika ku ukulu akuvutikabe kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndiponso akungozolowerana ndi mlendo aliyense.

Chifukwa chake n'chosavuta. Khanda likalira, munthu yemweyo n'kumabwera tsiku ndi tsiku, limaphunzira kuti lili ndi mwini wake. Pamenepo m'pomwe pamayambira kudekha, kulankhula ndi kuphunzira. Pomwe olera amasinthana ngati alonda, uyu m'mawa uyu usiku, wina n'kusiya ntchito, mwanayo agwira chitenje cha ndani?

Wina anena kuti Malawi si Romania, nyumba zathu n'zaukhondo. Chabwino. Koma ngakhale m'nyumba yaukhondo olera amasinthanabe. Ndipo mwana akathamangira kukumbatira mlendo wobwera ndi kamera, ife timaombera m'manja, pomwe nthawi zambiri n'chizindikiro choti alibe wakewake.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti ambiri mwa ana amenewa ali ndi abale. Mwana amene Madonna anamutenga ku Mchinji mu 2006 bambo ake anali moyo. Mayi atamwalira, bambowo anasowa pogwira. Chaka chomwecho, m'boma lomwelo, munayamba Mtukula Pakhomo, wopereka ndalama mwachindunji kumabanja ovutikitsitsa. Nzeru yake ndi imeneyo: thandizani agogo, azakhali ndi amalume kuti mwana akhale kwawo. Malangizo a United Nations a mu 2009 amati mwana wosakwana zaka 3 aleredwe m'banja, ndipo Rwanda inayamba kutseka nyumba zotere mu 2012.

Sindikunyoza amayi ogwira ntchito m'nyumbazi, amayesetsa. Ndikuvomeranso kuti mwana wotayidwa kapena wozunzidwa amafunika pofikira msanga. Koma pakhale pongodikirira banja, osati pokulira.

Inu ana anga, ena mwa inu muli m'makomiti a mipingo ndi m'mabungwe. Wina akadzabwera ndi pulani yomanga nyumba ya ana amasiye, mudzamufunse kuti ndalama zomwezo zingathandize agogo angati kulera adzukulu awo pakhomo. Ndipo ife aphunzitsi, mwana wokulira kumeneko akamavuta m'kalasi, tiyambe tafufuza kumene wachokera tisanamupatse khasu.