Mpanda wa Njerwa Sutchinga Umphawi

M'bandakucha uliwonse misewu yolowera ku Chinyonga mumzinda wa Blantyre imadzaza ndi anthu oyenda pansi. Ena amachokera ku Zingwangwa, ena ku Chilobwe, enanso ku Bangwe. Amenewa ndi antchito a m'nyumba, olera ana ndi osamalira maluwa. Pachipata amasinthana ndi alonda amene achezera panja usiku wonse atafunda chiguduli. Dzuwa likatuluka zipata zimatseguka, magalimoto n'kutuluka kukasiya ana kusukulu zolipira. Magulu awiriwa amaonana tsiku ndi tsiku ndipo amalankhula chilankhulo chimodzi, koma amakhala ngati anthu a maiko awiri.

Anthu a ku Chinyonga si mpondamatiki ngati ena a ku Namiwawa, ku Nyambadwe kapena ku Sunnyside. Si osaukitsitsanso ngati ambiri a ku Ndirande. Iwo ndi anthu apakati: ogwira ntchito m'mabanki, m'makampani ndi m'maofesi a boma, amene moyo wawo watsamira pa malipiro a pamwezi. Kupeza bwino kwawo si mlandu ayi. Mlandu wawo ndi wakuti adazithawa zinthu za anthu onse, ndipo atazithawa adatseka pakamwa.

Kusiyana kumeneku kudayamba kalekale. M'nthawi ya atsamunda Azungu adatenga malo okwera ndi ampweya wabwino monga Mandala ndi Sunnyside, pamene Mwafirika wobwera kudzagwira ntchito adali kudzimangira kanyumba kunja kwa malire a tauni. Umu ndi momwe Ndirande adakulira. Bungwe la Malawi Housing Corporation litakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, lidamanga nyumba zabwinoko m'malo monga Kanjedza, Nkolokosa ndi Chinyonga, zoti muzikhala anthu ophunzira olandira malipiro okhazikika. Ufulu udasintha khungu la wokhala m'nyumba zabwinozo, koma malire akale aja adatsala chikhalire.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo oposa theka la anthuwa amakhala m'malo othithikana, opanda misewu yeniyeni ndi ngalande. Lipoti la bungwe la Oxfam la m'chaka cha 2015 lidaonetsa kuti m'chaka cha 2004 munthu wa m'gulu la olemera kwambiri m'Malawi adali kugwiritsa ntchito chuma kuposa wa m'gulu la osaukitsitsa ka 22, ndipo pofika 2011 kusiyanako kudafika ka 34. Kodi phompho lotere lingakule anthu ophunzira ali chete, iwo n'kukhala opanda mlandu?

Chitsanzo choyamba cha kuthawa kuja ndi sukulu. Boma litachotsa fizi kupulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana a sukulu chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi adasefukira, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. M'malo moumiriza boma kuti limange zipinda ndi kuphunzitsa aphunzitsi okwanira, anthu apakati adangonyamula ana awo kupita nawo kusukulu zolipira. Kuchipatala n'chimodzimodzi. Mzere wa ku Gulupu adausiyira amphawi, iwo n'kumapita kwa dokotala wolipira. Madzi akasiya kutuluka amagula thanki, magetsi akazima amagula jenereta kapena sola, akuba akachuluka amamanga mpanda wa njerwa n'kuika magalasi osweka pamwamba.

Aliyense payekha amaoneka ngati wachita zanzeru, koma zotsatira zake n'zowawa. Anthu amene amadziwa kulemba kalata kunyuzipepala, amene amatha kuwerenga ndondomeko ya chuma cha khonsolo ya mzinda, amene nduna imayankha moni wawo, ndi omwewo amene sapezekanso m'komiti ya sukulu ya boma kapena pabenchi ya chipatala. Amene atsalako ndi anthu oti akadandaula palibe wowamva. Sukulu ikasowa woilankhulira imafa pang'onopang'ono ngati munda wopanda mwini.

Ena amati, "Ife tidavutikira kusukulu, osaukawo ndi aulesi." Mawu amenewa ndi mwano. Mayi woswa miyala m'mbali mwa phiri la Ndirande kuyambira m'mawa mpaka madzulo angatchedwe bwanji mlesi? Nanga mlonda wochezera usiku, m'mawa n'kuyenda pansi kubwerera ku Bangwe chifukwa malipiro ake sakwanira minibasi? Ndipotu ambiri mwa anthu apakatiwa adaphunzira m'sukulu za boma ndi za mishoni, ndipo ena adafika ku Yunivesite ya Malawi, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1965, pa misonkho ya alimi a fodya ndi othyola tiyi amene ana awo sadaone n'komwe khomo la sekondale. Adaoloka pamlatho wa anthu onse, koma ataoloka sadacheukenso kuti aone ngati mlathowo ukadali chilili.

Enanso amati munthu wapakati wasenza kale katundu wolemera: fizi ya adzukulu, feteleza wa makolo kumudzi, bokosi la maliro a m'bale. Zimenezi n'zoona ndipo n'zoyamikika. Komabe kulipirira mwana mmodzi wa mlongo sikukonza kalasi ya ana 100. Chifundo cha pachibale chimathera pamagazi, pamene chilungamo chimafika ndi kwa mwana wa mlonda yemwe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mpanda ujanso ndi chinyengo chabe. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu idakwera mbali zonse ziwiri za mpanda. Kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700, adachititsa boma kuchedwetsa kutsegulira sukulu za mumzinda wa Blantyre mu Januwale 2023, ndipo ana a mabwana nawonso adakhala kunyumba. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe Freddy adagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira mabanja a ku Chilobwe amene umphawi udawakankhira kumatsetse oopsa. Phiri limeneli lili pafupi pomwepo ndi Chinyonga. Ndipo wokhala m'nyumba ya lendi kapena ya kampani ntchito ikamuthera, sapita kwina koma ku Machinjiri kapena ku Chilomoni komwe adali kukunyoza. Akuluakulu adati chuma ndi mchira wa khoswe, sichichedwa kupululuka.

Mbiri nayo idachenjeza kale. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adadzudzula m'kalata yawo kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka. Patangotha miyezi iwiri, sitalaka ya antchito a pakampani ya nsalu ya David Whitehead idasanduka zipolowe, masitolo adaswedwa ndipo anthu ambiri adataya miyoyo. Njala ikakwiya siona kutalika kwa mpanda.

Choncho munthu wapakati ali ndi udindo umene sangauzembe. Alipire wantchito wake malipiro oti n'kudyetsa banja, osati zotsala za patebulo. Abwerere m'komiti ya sukulu ya boma ya m'dera lake. Afunse khansala ndi phungu wake kumene misonkho ya mzinda imapita, ndipo afunsire ngalande za ku Ndirande monga momwe amafunsira phula la msewu wa kwawo. Ophunzira amene ali m'Fomu 4 lero ndiwo adzakhale m'nyumba zimenezi mawa. Akadzayamba kuumba njerwa za mpanda, adzakumbukire kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.