Kuonerera Omanga Njanji za Zidole Si Kutaya Nthawi

Anzanga amandiseka akandipeza ndikuonera pa YouTube munthu akumanga njanji ya zidole. Amati ndikutha bandulo pa masewera a ana. Koma ine ndikuona kuti kuonerera ntchito imeneyi kumaphunzitsa chinthu chimene ophunzira ambiri tikuchisowa, chomwe ndi kudekha pa ntchito.

Poyamba tione mmene ntchitoyo imayendera. Omanga ambiri amatsata muyeso wotchedwa HO, umene umachepetsa chinthu chilichonse ka 87. Munthu wamtali mamita 1.7 amasanduka kachidole ka masentimita 2 okha, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi mamilimita 16.5. Womanga amayamba ndi thabwa, n'kuyalapo njanji, n'kulumikiza mawaya a magetsi kunsi kwake. Kenaka amathira timiyala m'mbali mwa njanjiyo n'kutimata ndi guluu wosakaniza ndi madzi. Mabogi amawapaka utoto wonga dzimbiri kuti aoneke akale. Akalakwitsa pokhota, kasitima kamagwa, ndipo amazula gawo lonselo n'kuyambiranso. Chimene chimandikopa n'chakuti ambiri sabisa kulakwako. Kanema wotsatira amakhala wokonza pamene panalakwika.

Chachiwiri, ntchitoyi siitha msanga. Mapasa Frederik ndi Gerrit Braun anayamba kumanga Miniatur Wunderland mumzinda wa Hamburg ku Germany m'chaka cha 2000. Anatsegula malowo mu 2001, koma kuchokera pamenepo akhala akuwonjezera zigawo zatsopano. Nayenso woyimba Rod Stewart anaulula mu 2019 kuti mzinda wa njanji umene anamanga kunyumba kwake unamutengera zaka 23. Nanga ife? Timalemba asayimenti usiku umodzi, mawa lake n'kupereka osaiwerenganso, kenaka n'kudabwa ndi malikisi.

Ena anganene kuti zida zake n'zodula ndipo kuonerera si kumanga. Mfundo yachiwiriyi ndikuivomereza. Munthu akhoza kutha chaka akusirira manja a ena, ake ali m'thumba, ndipo amene watero watayadi nthawi. Koma za ndalamazo sindikugwirizana nazo. Mwana amene amapinda galimoto yamawaya kumudzi amachita zomwezo: amayeza, amapinda, amayesa kuyendetsa, matayala akakana amamasula n'kumanganso. Phunziro lake silifuna sitima yogula kunja.

Choncho, funso lofunika n'lakuti timatani tikatseka foni. Ine ndikatha kuonera womanga akuzula njanji imene anaiyala sabata yathunthu, ndimachita manyazi kusiya ndime yokhota m'nkhani yanga. Ndimabwerera n'kuilembanso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo omanga njanji za zidole amationetsa kudekhako ndi manja awo.