Kamzere kofiira kamene tinakagonjera

Sabata ino ndabwera ndi mlandu. Woimbidwa woyamba ndi Windows. Wachiwiri ndinu amene mukuwerenganu, ndiye musathawe, khalani pansi timve.

Pa 24 Ogasiti 1995 kampani ya Microsoft, ya Bill Gates, inatulutsa Windows 95. Ku America anthu anaima pamizere pakati pa usiku kudikira kuti masitolo atsegule, ngati pabwera shuga wotchipa. Ku London nyuzipepala ya The Times inagawidwa ulere tsikulo, Microsoft italipira zonse. Kuno ku Blantyre kunalibe ng'oma. Chinthucho chinangolowa mwakachetechete m'mabanki ndi m'maofesi a mu Victoria Avenue ndi Haile Selassie Road, m'mabungwe amene anachuluka pambuyo pa chisankho cha 1994, kenaka m'timaofesi totayipa makalata ku Limbe ndi ku Ginnery Corner. Ena anachilandira pa madisiki 13, ambiri pa CD yobwerekana imene mwini wake palibe ankamudziwa.

Ndisanayambe kudzudzula, ndiyamike kaye, poti mbuzi ya mnzako ikanenepa umanena. Windows 95 inafewetsa kompyuta. Inabwera ndi batani la Start, loti ngakhale mayi amene anakalambira pa taipilaita ankangodina n'kupeza njira. Inalolanso mayina aatali a mafailo. Kale dzina linkathera pa zilembo 8, moti liwu loti "mtanthauziramawu" likanaduka pakati ngati nzimbe. Amene munakalembetsa kalata yofunsira ntchito ku Limbe masiku amenewo mukukumbukira kukoma kwake: walakwitsa, wafufuta, pepala osadetsedwa.

Koma tsiku lomwelo kunatulukanso Office 95, ndipo m'kati mwake munali Word yokhala ndi chinthu chatsopano: kamzere kofiira kokhotakhota pansi pa liwu lililonse limene makinawo sakulidziwa. Kwa Mngelezi kanali kothandiza. Kwa ife, tayesani lero lomwe. Tsegulani Word, lembani kuti "Sindidzakuiwalani amayi anga." Tsamba lifiira ngati kope la mwana wolephera mayeso. Dzina lanu lomwe, kaya ndinu Chikondi kaya Tiyamike, likhala cholakwa. Ndirande cholakwa, Zingwangwa cholakwa, Bangwe cholakwa. London ndi Manchester zidutsa bwinobwino, zoyera ngati zasamba.

Mudzati ndi kamzere chabe, aise, kamalakwa chiyani? Taonani zimene zinachitikanso chaka chomwecho. Mu 1995 boma linathetsa Chichewa Board, bungwe limene kuyambira 1972 linkaika malamulo a kalembedwe ka chinenerochi. Sindikulira maliro ake. Linali bungwe la nthawi ya Kamuzu, nthawi imene Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mu 1968, ndipo anzathu a kumpoto ali ndi chifukwa chomveka chosalikumbukira mwachikondi. Komabe linali ndi cholembera chofiira, ndipo cholemberacho chinkadziwa Chichewa. Chinkadziwa kuti "r" amatsatira "i" ndi "e", n'chifukwa chake timalemba "kulira" ndi "kulera" koma "kudwala". Bungwelo litatsekedwa, cholembera chofiira chimene mlembi wa mu Blantyre ankakumana nacho tsiku ndi tsiku chinakhala cha ku Redmond, chimene sichidziwa ngakhale "zikomo".

Inde, mu 1996 kunabadwa Centre for Language Studies ku Zomba, ndipo mu 2000 anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ntchito yaikulu yoyenera ulemu. Koma buku lili pa shelefu, pomwe kamzere kali pamaso panu nthawi imene mukulemba. Ndani mwa awiriwa amene waphunzitsa ana ambiri?

Zotsatira zake muziona m'gulu lomwe lino. Poti liwu lolondola ndi lolakwika onse amafiira mofanana, tinasiya kusiyanitsa. Wina alemba "ndi kufuna" pomwe akutanthauza "ndikufuna". Wina aduladula mneni ngati akusadzula nkhuku: "a na pita". Munthu yemweyo akalemba Chingelezi amabwerera kawiri katatu mpaka kufiira konse kuthe, chifukwa akuopa kusekedwa. Pa Chichewa amangoti bola mwamva. Makinawo sanatiletse kulemba chinenero chathu, ayi. Anangotizoloweza kuti pa Chichewa palibe cholondola, ndiye palibenso chochitira manyazi.

Nanga chilembo chija cha ŵ? Achikulire mukukumbukira ndalama ndi masitampa olembedwa Malaŵi, kachipewa kali pamwamba. Pa taipilaita munthu ankatha kubwerera n'kuikapo kachipewako ndi cholembera. Pa kiyibodi yathu palibe batani lake, ndipo m'gulu la zilembo za kumadzulo kwa Ulaya limene Windows inkagwiritsa ntchito munalibe chilembo chimenechi. Akatswiri amatsutsana ngati chilembocho n'chofunikadi, poti ambiri sitisiyanitsanso katchulidwe kake. Mkangano umenewo ndi wabwino, tikanauchita ndi kuumaliza tokha. Chondiwawa n'chakuti anatiweruzira ndi kiyibodi.

Tsono apa ndi pamene ambiri mumakonda kuthera: azungu anatipondereza, basi, tiyeni tikagone. Ine ndikukana. Microsoft ndi sitolo, imamva ndalama ndi phokoso. Dziko la Iceland, limene nthawi imeneyo anthu ake sankakwana ndi 300,000 omwe, linakana kuti ana ake akule ndi Windows ya Chingelezi chokha. Boma lawo linalimbana ndi kampaniyo mpaka Windows 98 inamasuliridwa m'chinenero chawo. Mzinda wa Blantyre wokha, pa kalembera wa 2018, unali ndi anthu oposa 800,000. Anzathu a Chiswahili nawonso sanadikire chifundo: pa yunivesite ya Dar es Salaam anamasulira okha OpenOffice, ndipo cha m'ma 2005 Microsoft nayo inatulutsa Office ya Chiswahili. Ife boma lathu lagula makompyuta angati kuchokera 1995, ku Capital Hill, m'makhoti, m'zipatala, m'masukulu? Wogula wamkulu chotero ali ndi pakamwa. M'malo molankhula, mu 2014 tinamva unduna ukulengeza kuti ana aziphunzira m'Chingelezi kuyambira Sitandade 1. Mwini nyumba akamataya yekha mbale zake, mlendo angazitolere chiyani?

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ntchitoyi ena anaiyamba kale. Edmond Kachale, katswiri wathu wa makompyuta, mogwirizana ndi Kevin Scannell wa ku America, anapanga chida choona kalembedwe ka Chichewa chogwira mu OpenOffice ndi Firefox, chaulere. Ndi angati m'gulu lino munachiyesako? Kwezani manja, ndikuona ochepa. Google Translate inalandira Chichewa mu Disembala 2014, ndipo timaiseka ikamasulira zosamveka. Koma makina amenewa amaphunzira pa zimene apeza zolembedwa. Akamayenda pa intaneti kufuna Chichewa, amapeza "ndi kufuna" ndi "a na pita" zanu zija, n'kumeza zomwezo. Mawa adzakhala akukonza ana anu ndi zolakwa zanu zomwe, ndipo anawo adzakhulupirira makina kuposa agogo awo.

Ndiye pempho langa lili pawiri, ndipo silofuna msonkhano wa ku nyanja wokhala ndi ma alawansi. Kwa a Centre for Language Studies: mndandanda wa mawu a mu mtanthauziramawu uja autulutse poyera, aliyense wopanga mapulogalamu autenge ulere, ulowe m'mafoni ndi m'makompyuta mmene anthu akulemberamo. Kwa inu alembi: ndakatulo kapena nthano imene mukufuna kuponya muno sabata yamawa, iwerengeni kawiri monga muchitira ndi kalata yofunsira ntchito ku banki. Ndipo kamzere kaja kakafiiritsa liwu limene mukudziwa kuti mwalemba bwino, musangokapirira. Dinani batani lakumanja la mausi, musankhe Add to Dictionary. Muyambe ndi dzina lanu, kenaka la mudzi wanu.