KUSINTHA KEYALA SIKUSINTHA MUNTHU

Mumzinda wa Lilongwe muli anyamata ndi asungwana ophunzira bwino amene akufuna ntchito m'makampani olangiza za kayendetsedwe ka bizinesi, monga McKinsey ndi Boston Consulting Group. Makampaniŵa alibe maofesi m'Malaŵi muno, motero makalata ambiri amapita ku Johannesburg, kumene McKinsey idatsegula ofesi mu 1995. Ena akakanidwa kumeneko, m'maŵa mwake alembera ku Nairobi kapena ku Dubai. Kumeneku nkudzinyenga.

Kampani ndi imodzi, ndipo dzina la wokanidwa limasungidwa. Kaŵirikaŵiri amauzidwa kuti adikire chaka kapena zaka ziŵiri. Ndiponso mayeso ake ngofanana kulikonse: amamyalira vuto la bizinesi, kuti alimasule ndi masamu pamaso pawo.

Tsono chaka chodikiracho chisathere pakhonde ku Area 47. Wachinyamata agwire ntchito ku Capital Hill kapena m'mabanki a ku City Centre. Atsikire ku Old Town, akafunse wamalonda wa mu Malangalanga chimene chimadya phindu lake. Podzalembanso, kalata yake inene zimene wachita chikanidwire. Kuona maso a nkhono nkudekha.