Zikumwa ngati thanki yabooka

Pamzere wa mafuta ndi pamene timadziwana. Ukafika m'bandakucha n'kupeza galimoto makumi atatu zakutsogolera kale, umazimitsa injini, kutsika, n'kuyamba kucheza ndi amene wayima patsogolo pako. Sipapita nthawi, funso limatuluka: "Yanuyi ikumwa bwanji, achimwene?" Yankho lake ndi limodzimodzi. Wa Sienta, wa Vitz, wa Corolla yakale ija, wa Probox yonyamula mabelo a kaunjika, tonse timangopukusa mitu. Malita amene ankatifikitsa Lachisanu, lero pofika Lachitatu madzulo kanyali ka mafuta kayaka kale.

Za mtengo tikuzidziwa. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo chichokereni pamenepo wakweranso. Dziko lathu lilibe doko. Mafuta amadzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola amene akusowa. Zimenezo zimakambidwa pa wailesi tsiku ndi tsiku. Koma pali dandaulo lina limene timangouzana tokhatokha pamzerepo: lita imene taipeza movutikira chonchi sikutifikitsanso pamene inkatifikitsa kale.

Tiwerengere limodzi. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa ndi makilomita opitirira pang'ono 300. Galimoto yaing'ono ikakhala bwinobwino, n'kumayenda makilomita 14 pa lita, ulendowu umatha malita 22. Yomweyo ikadwala n'kutsikira pa makilomita 9, ifuna malita 34. Malita 12 apita pachabe, ndipo kumeneko n'kupita kokha. Chulukitsani ndi mtengo wa lero, muwonjezere za pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni, muone ngati mwezi uno mupitenso kukaona makolo.

Chimene chimatiwawa n'chakuti galimotozi sizinabwere zili chonchi. Ku Japan galimoto imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula moti ambiri amasankha kugulitsa ikadali ndi moyo. Ife tinasonkha ndalama zaka zingapo, ena tinatenga ngongole ku banki mkhonde, tinalipira sitima, tinalipira msonkho pa Songwe, galimoto inakwera mapiri a Chiweta osatsokomola. Miyezi yoyamba tinkaitamanda kuti imangonunkhiza mafuta. Ndiye chinalowa n'chiyani?

Yanga inayamba ndi kutentha. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, singano inakwera ndili pakati pa mdipiti wa galimoto m'tauni. Ndinapita nayo ku galaja ina ya pansi pa mtengo wa mango, pomwe dothi linada kalekale ndi oyilo. Mmisiri anatsegula boneti, kumasula mabawuti awiri, n'kutulutsa kachitsulo ka sipuling'i kokwana m'dzanja. Anakapukuta pa ovolosi yake n'kundionetsa. "Abwana, aka ndi thermostat. N'ka ku Japan kozizira uko. Kuno kwathu kotentha sikafunika, kamangotsamwitsa injini." Anakaponya m'chitini momwe munali kale tinzake tambiri. Ndinalipira, ndinathokoza, ndinanyamuka. Singano sinakwerenso. Patatha miyezi iwiri m'pamene ndinazindikira kuti ndikupita komwetsa mafuta kawiri pa sabata m'malo mwa kamodzi.

Anandimasulira nkhaniyi ndi mmisiri wina wachikulire, amene anayamba wandifunsa mafunso asanagwire sipanala. Kachitsulo kaja ntchito yake n'kutsekereza madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka injini itafunda, pa Toyota zambiri pafupifupi madigiri 82, kenako kamatseguka kokha. Injini yozizira imafuna mafuta ambiri, ndipo kompyuta ya m'galimoto imaithirira mowolowa manja mpaka ifunde. Mukachotsa thermostat, madzi amangozungulira osaima, injini imachedwa kufunda, ndipo m'mawa wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu mwina siifunda n'komwe. Kompyuta imangoona ngati galimoto yangolizidwa kumene, ndipo imathirabe. Chimene chinkatenthetsa yanga chinali rediyeta yodzaza dzimbiri, chifukwa zaka zonsezi inkamwa madzi a pampopi m'malo mwa mankhwala ake. Madalawo anatsuka rediyeta, anabwezera thermostat yatsopano, ndipo mafuta anabwerera pafupi ndi pakale. Ndikafotokoza izi pamzere, pafupifupi nthawi zonse pamapezeka wina wonena kuti nayenso anamuchotsera. Kodi m'zitini za m'magalaja athu muli tizitsulo tingati totere, ndipo eni ake akulipira malita angati mwezi uliwonse?

Kuvula galimoto sikuthera pamenepo. Pa paipi ya utsi pali chibokosi chotchedwa catalytic converter, chimene m'kati mwake muli zitsulo zamtengo wapatali, platinum, palladium ndi rhodium. Ogula zimenezi alipo, ndipo amazungulira. Ambiri a ife tinauzidwa kuti chatsekeka, chikuletsa galimoto kupuma, tichotse. Chimatsekekadi nthawi zina, koma ndi angati amene anaonetsedwa umboni, kapena kubwezeredwa chimene chachotsedwacho? Pafupi nacho pali oxygen sensor, kachipangizo konunkhiza utsi n'kuuza kompyuta ngati mafuta achuluka kapena achepa. Kakakalamba, kapena waya wake akadulidwa pa nthawi yowotcherera paipi, kompyuta imakhala ngati wophika wosalawa, imangothira. Utsi umanunkha petulo wosapsa, kukamwa kwa paipi kumada ndi mwaye, ndipo pa dashibodi pamayaka kanyali kachikasu kooneka ngati injini. Kanyali kameneka ndiko pakamwa pa galimoto. Koma tamvapo, ndipo ena taona ndi maso, ogulitsa akuchotsa babu lake kapena kumata tepi yakuda kumbuyo kwake kuti wogula asafunse. Mukatembenuza kiyi injini isanalire, kanyaliko kayenera kuyaka limodzi ndi tinzake, n'kuzima injini ikalira. Ngati sikayaka n'komwe, dziwani kuti wina anakatseka pakamwa.

Tikadwalitsa galimoto, timagwa m'manja mwa olosera. "Ndi mapulagi, abwana." Tagula. Sizinasinthe. "Ndiye kuti ndi koyilo." Tagula. "Aa, pamenepa ndi pampu ya mafuta basi." Mwezi watha, malipiro atha, galimoto ikumwabe. Chonsecho galimoto zimenezi zili ndi kabowo pansi pa chiwongolero kolumikizira makina oyezera, ndipo makinawo lero sasowa m'matauni athu. Koma ngakhale kumeneko timapsa mtima. Ena amalumikiza, kudina batani, kanyali kazima, n'kulandira ndalama. Afafaniza uthenga, matenda awasiya momwemo, ndipo pofika mawa kanyali kayakanso.

Sitikunena kuti amisiri onse ndi otero. Tikuwadziwa ena a manja abwino ku Biwi, ku Ndirande, ku Luwinga, amene anaphunzira ntchito pa injini za kabureta, zimene munthu ankazikonza ndi khutu ndi sikuludiraiva. Galimoto zinasintha, koma palibe anawatenga kukawaphunzitsa za masensa ndi makompyuta. Ngakhale buku la galimoto limene tinalipeza m'kabati ya kutsogolo ndi la Chijapanizi, monganso wailesi yake imene imalekeza pa 90 FM. Mwini sadziwa, mmisiri akungoyerekeza, ndipo wolipira ndi mwini yemweyo.

Pitani kogula masipeya. "Mukufuna orijino kapena wamba?" Mabokosi onse awiri ndi ofanana, zilembo zofanana, mtengo wokha ndiwo wosiyana. Pulagi yeniyeni ya iridium imatha kuyenda makilomita 100,000. Yabodza imatha nsonga pa miyezi yochepa, injini n'kuyamba kunjenjemera, mafuta n'kumatuluka osapsa. Ndipo walipira mtengo wa orijino sakhala wotsimikiza kuti wapatsidwa orijino. Za oyilo nazo n'chimodzimodzi. Injini zing'onozing'onozi zinapangidwira oyilo wopyapyala, 5W-30 kapena 0W-20, koma timauzidwa kuti yakalamba, ithiridwe 20W-50 wokhuthala ngati uchi. Injini imavutika kumukankha, makamaka m'mawa, ndipo mphamvu yomukankhira imachokera m'thanki.

Nanga misewu? Dzenje limodzi la m'nyengo ya mvula limakwanira kupotoza miyendo ya galimoto, matayala n'kumayenda mokokana, wina kuloza uku wina uko. Tikalipira alaimenti lero, sabata yamawa tagweranso m'dzenje lina pamsewu womwewo. Fumbi la m'chilimwe limatseka sefa ya mpweya, ija amisiri amati eyakilina, galimoto n'kufooka, phazi n'kumaponda kwambiri. Matope amalowa m'mabuleki, buleki n'kumagwira pang'onopang'ono osasiya. Mukayenda mtunda ndithu n'kuima, yandikizani dzanja pa rimu lililonse. Limene likutentha kuposa anzake likukudyerani mafuta. Matayala ambiri amene timakwanitsa ndi a kaunjika, anayi a mitundu inayi, ena opangidwira misewu yozizira ya kunja, ofewa ndi olemera kuwagudubuza. Mpweya timayeza ndi maso kapena kumenya ndi phazi, pamene muyeso wake weniweni unalembedwa pa kapepala komatidwa pa chipilala cha chitseko cha dalaivala. Manambala ake amawerengeka ngakhale mawu ali a Chijapanizi.

Ena amaloza chala petulo weniweniyo. N'zoona kuti kuyambira 1982 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, poyamba wa ku Dwangwa, kenako ndi wa ku Chikwawa. N'zoonanso kuti lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya petulo. Koma pa mlingo umene amasakanizira, kusiyana kwake n'kwa maperesenti ochepa, kosakwana lita imodzi pa malita khumi. Sikungatsitse galimoto kuchoka pa 14 kufika pa 9. Oopsa ndi mafuta a m'zigubu. Mafuta akasowa, monga zinalili mu 2011 ndi 2012 komanso kumapeto kwa 2024, timakakamizika kugula m'mbali mwa msewu pa mtengo wowirikiza, m'mabotolo amene dzulo munali mafuta ophikira. Muli madzi, muli fumbi, nthawi zina muli parafini. Munthu amene mwana wake wadwala usiku safunsa zimenezo, amangothira. Patatha masabata, ma injector atsekeka, ndipo ulendo wa kugalaja wayambiranso.

Zina n'zathu, ndipo tizivomereze. Timathira mafuta a tsiku limodzi chifukwa ndi zimene thumba lalola, ndiye galimoto imakhalira pa kanyali mwezi wonse. Pampu ya mafuta ili m'thanki momwemo ndipo imaziziritsidwa ndi mafutawo. Ikakhala pouma nthawi zonse imafa msanga. Pa mtsetse wa Dedza kapena wa Chiweta ena timachotsa giya kuti tipulumutse mafuta, osadziwa kuti pa galimoto za masiku ano ukachotsa phazi giya ili momwemo, kompyuta imatseka mafuta yokha, pamene ukaika pa fulii injini imamwabe kuti isazime, ndipo katundu yense amatsalira mabuleki okha. M'mawa timailiza mphindi khumi pabwalo kuti ifunde, pamene imafunda msanga ikamayenda pang'onopang'ono. Sienta ya mipando 7 imanyamula anthu khumi ndi matumba a chimanga pamwamba pake, chifukwa mwini galimoto akufuna ndalama yake madzulo ndipo dalaivala nayenso ali ndi ana. Zimenezi sitichita mwa chibwana. Zambiri n'zoti palibe anatiuza, zina n'zoti umphawi sutipatsa mpata wosankha.

Chimodzi chokha tingathe tonse, ngakhale chikhale kamodzi pa miyezi itatu. Tsiku limene mafuta apezeka ndipo thumba lalola, dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani makilomita a pa dashibodi m'kabuku. Mukadzadzazanso, gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa. Nambala imeneyo ndiyo mupite nayo kugalaja, chifukwa mawu oti "ikumwa kwambiri" aliyense amawayankha ndi sipeya imene ali nayo pafupi. Ndipo chilichonse chimene chachotsedwa m'galimoto yanu, chikhale thermostat, sensa kapena pulagi, muchipemphe m'manja, muchione, mufunse chimene chalakwa.

Inu amisiri athu, timakudalirani kuposa mmene mukudziwira. Galimoto zimenezi ndi zimene zimapititsa ana kusukulu, odwala kuchipatala, tomato kumsika, ndipo ambiri a ife sitidzakwanitsa kugula ina. Yezani musanamasule. Pamene simukudziwa, tiuzeni kuti simukudziwa, mutilozere kwa mnzanu wodziwa, ndipo tidzabweranso kwa inu ndi ntchito ina. Ma thermostat amene ali m'zitini aja, asiyeni m'galimoto zathu.