Musanagule chimakina chonyamulira katundu, yambani mwaona phiri

Masiku ano wamalonda aliyense amene ndalama zamuyanja ku Lilongwe akufuna kutchedwa mlimi. Zimenezi n'zabwino ndithu. Koma inetu chikundidetsa nkhawa ndi kagulidwe ka makina. Munthu akangoona pa foni mzungu wa ku England akukweza mabelo a udzu ndi chimakina cha mkono wautali chotchedwa telehandler, basi mtima dyokodyoko, akufuna chomwecho chikafike ku munda wake ku Dowa kapena ku Ntchisi.

Kwa amene simunachione, telehandler ndi chigalimoto cha matayala anayi akuluakulu chokhala ndi mkono umene umatalika ndi kufupika. Makampani monga JCB, Manitou ndi Merlo ndiwo amadziwika nacho. Cha pa famu chimatha kunyamula matani atatu, amene ndi matumba 60 a makilogalamu 50, ndipo mkono wake umafika mamita 6 kapena 7 m'mwamba. Ogulitsa amathera pomwepo. Chimene sathamangira kukuuzani n'chakuti matani atatuwo chimanyamula mkono uli pafupi ndi thupi lake, chitaima pa malo osalala ndi olimba. Mkono ukatalikitsidwa kutsogolo, katundu amene chinganyamule amatsika mpaka theka kapena kucheperapo. Mukachiimika chopendekera m'mbali mwa phiri, katundu ali m'mwamba, chimagubuduka, ndipo woyendetsa akapulumuka ndi mwayi.

Tsono taganizirani za ku Mvera, ku Kongwe kapena ku Nthondo. Minda ili m'matsitso, njira ndi zokumbika, timilatho tambiri ndi tamitengo, pamene chimakinacho pachokha chimalemera matani oposa asanu. Alimi ambiri kumeneko minda yawo ndi ya maekala awiri kapena atatu. Vuto lawo si kukweza thumba m'mwamba ayi. Vuto ndi kuchotsa soya, mtedza, chimanga ndi mabelo a fodya ku munda kukafika pa msewu mvula isanaononge, ndi kutonola kapena kupuntha mbewu msanga mavenda asanawadyere masuku pamutu. Ntchito imeneyi ndi ya ngolo, thirakitala yaing'ono yokoka ngolo, ndi makina otonolera chimanga kapena oswera mtedza.

Chachiwiri ndi masipeya. Mkono uja umayenda ndi mafuta opanikizidwa m'mapaipi, ndipo makina atsopano ali ndi kompyuta m'kati. Paipi ikaphulika mu June ntchito ili pakati, kodi makaniko wa pa Mponela kapena pa Malomo adzaipeza kuti? Muyembekezera katundu wochokera ku Johannesburg, wolipira ndi ndalama zakunja zimene timazisaka ngati mankhwala. Kumbukirani kuti kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene adatenga ngongole ya makina m'madola adagona ali bwana nkudzuka ali wamangawa. Ndipo dizilo akasowa, ng'ombe zimapitabe ku munda.

Nkhani yogula makina osayamba taganiza za mlimi si yachilendo kwa ife. Boma lidatenga ngongole ku India nkugula mathirakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144. Mu 2016 ofesi ya Ombudsman, motsogozedwa ndi mayi Martha Chizuma, idapeza kuti ambiri mwa makinawo adagulitsidwa motchipa kwa andale ndi akuluakulu a m'boma, ndipo mu 2019 khothi la Supreme lidagwirizana ndi ofesiyo. Ngongole idatsalira tonsefe, mlimi wa m'phiri adatsala ndi khasu lake. Chaona mnzako chapita, abale anzanga.

Ena anena kuti ndikudana ndi chitukuko. Iyayi. Telehandler ili ndi malo ake, ndipo malowo ndi pa nyumba yosungiramo mbewu yomangidwa pa chigwa, ya simenti pansi, m'mbali mwa msewu wa M1 monga pa Mponela kapena pa Madisi, pamene malole amabwera tsiku ndi tsiku kudzatenga katundu wopita ku Kanengo. Ngakhale pamenepo, matumba ayenera kusanjidwa pa mapaleti, apo ayi chimakinacho chingoima anyamata aganyu akusenza pamutu monga mwa kale. Ndipo wamalonda mmodzi sangachipatse ntchito ya chaka chonse. Mutu umodzi susenza denga: gulani monga gulu kapena kopaletivi, kapenanso chitani hayala miyezi yokolola yokha.

Choncho musanapereke ndalama, funsani mafunso anayi. Kodi chikagwira ntchito pa malo osalala? Kodi chigwira masiku angati pa chaka? Kodi masipeya ndi makaniko ali mtunda wotani? Kodi woyendetsa adaphunzira kuwerenga tchati cha kulemera kwa katundu chimene chimamatidwa m'chipinda chake? Limodzi likasowa yankho, bwezani ndalama m'thumba.

Kwa inu ophunzira a ku Bunda ndi ku MUBAS, ntchito ndi imeneyi. Tipangireni ngolo ya mabuleki odalirika pa chitsitso, ndi makina opunthira soya oti owotcherera zitsulo a pa Ntchisi boma angathe kukonza. Amene adzapange zimenezo sadzasowa ogula.